Batani la Ngolo Yakumbuyo

Bwana atagulitsa malole athu awiri n'kugula chithiraki chimodzi chokoka ngolo ziwiri, aliyense pakampani paja anadziwa kuti wina ntchito im'thera. Madalaivala tinalipo awiri koma mpando unali umodzi. Ndipo wolimbirana naye mpandowo sanali wachilendo ayi, anali mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, munthu amene ndinachita kum'pemphera ntchito ndi pakamwa pangapa.

Ameneyutu ndinam'tola akungozungulira m'misewu, manja ali m'thumba. Ndinam'phunzitsa kusintha tayala, kumanga katundu, kugwira chiwongolero, mpaka anapeza laisensi. Bwana anam'patsa lole yopanda ngolo, yonyamula simenti m'tauni momwemo. Wokoka ngolo ndinali ine, ndipo imvi mukuzionazi zamerera m'galimoto. Ndiye ndinkaona ngati za mpandowo n'zosachita kufunsa.

Kalanga ine, bwana anali ndi nzeru zake. Tsiku lina anatiitanira mu ofesi, ndipo patebulo pake panali kompyuta, kachiwongolero kapulasitiki komangirira m'mphepete mwa tebulo, pansi pali toponda ndi mapazi.

"Galimoto yatsopanoyi sindingaipereke kwa munthu kuti aziphunzirirapo," anatero bwana. "Mupikisana apa Lachisanu. Mulumikize ngolo ziwiri, muyende nazo, mukasiye yakumbuyo pamalo pake, yakutsogolo pamalo pakenso. Wochita bwino atenga kiyi."

"Bwana, gemu?" ndinafunsa. "Mukufuna mundiyese pa zidole za ana?"

"Si zidole, madala. Dziko linasintha. Nthawi yopuma masana muzibwera kudzayeserera."

Mlamu wanga maso anali padenga, koma m'mbali mwa kamwa mukugwedera. Ndinadziwa pompo kuti gemuyo ankaidziwa kale, n'kutheka kuti ndiyenso anainong'oneza kwa bwana.

Kulumikiza ngolo ziwiri si ufiti. Mutu wa thiraki uli ndi chimbale chachitsulo kumbuyo kwake, ndipo umabwerera m'mbuyo mpaka pini ya ngolo yoyamba italowa m'chimbalemo n'kutsekeka. Ngolo yoyambayo nayo ili ndi chimbale chake kumchira, ndiye umabwereranso nayo m'mbuyo mpaka itameza pini ya yachiwiri. Ukatero umatsika, kulumikiza mapaipi a mpweya, kukweza miyendo imene ngolo imaimirapo, kenako kukoka pang'ono kuti umve ngati yagwira. Zimenezi ndikhoza kuchita ngakhale mutandidzutsa kutulo.

Koma nditakhala pampando wa mu ofesi uja, abale, ndinasanduka chitsiru. Nditaponya rivesi, thupi linachita zimene linazolowera: dzanja linafuna chitseko kuti nditulutse mutu, ndipo nditatembenuka ndinangoona khoma ndi jekete la bwana lili pamsomali. Pobwezera maso pakompyuta, ngolo inali itapindika kale, yatsamira mpanda. Ndinayambiranso, thukuta lili kamukamu. Pini italowa, ndinadzidzimuka nditaimirira kuti ndikalumikize mapaipi.

"Mukupita kuti, alamu?" Mlamu wanga anali pakhomo, akuseka mpaka kugwira m'mimba. "Mapaipi ali kuchimbudzi kapena? Khalani pansi, kompyuta imalumikiza yokha!"

"Choka apa, usanandione kuipa."

"Pepani, akatswiri. Ndimati mwina ndikugwirireni galasi."

Mtima unandiwawa sabata yonse. Kunyumba ndinkangolusira ana popanda chifukwa, mpaka mkazi wanga anatopa nazo.

"Bambo a ana, bwanji osangom'pempha akuonetseni? Si ndinu munam'phunzitsa zonse? Angakukanizeni?"

"Ndikapemphe kwa amene akufuna kundilanda chakudya pakamwa?"

"Ndi mlongo wangatu ameneyo. Musamanene ngati ndi mdani."

"Nanga ndi ndani? Iwe uli mbali iti?"

"Ine ndilibe mbali," anatero akupukuta mbale mwamphamvu. "Wina akaluza, wolira ndine ndemwe."

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinameza malovu owawa, ndipo Lachinayi masana ndinam'peza mlamu wanga ali pagemu paja n'kum'pempha kuti andionetse. Munthuyo anasanduka uchi. Anandipatsa mpando, n'kundionetsa batani loyang'anira magalasi, kapondedwe ka buleki kuti isagwire mwadzidzidzi, ndi kakhotedwe ka kachiwongolero kopepuka kaja. Tinabwereza kulumikiza mpaka manja anayamba kumva. Ndinafika poganiza kuti mwina ndamuweruza molakwa mwana wa eni.

Tisanafike pomasula ngolo, bwana analowa ndi alendo n'kutiuza kuti tituluke. Tili pakhomo, mlamu wanga anandigwira paphewa.

"Pomasula m'posavuta, alamu. Batani lofiira lija. Mulidine osasiya mpaka mumve kuti khwa, ndiye kuti yakumbuyo yatsala."

"Osasiya?"

"Osasiya. Mukangoligunda pang'ono silimva."

Ndinathokoza. Ine ndemwe, ndi imvi zangazi, ndinam'thokoza.

Lachisanu bwana anati tilowe mmodzimmodzi kuti wina asaonere mnzake. Anayamba ndi mlamu wanga, ine ndikudikira panja ngati wodwala pachipatala. Itakwana nthawi yanga, iye analoledwa kukhala pakona popeza anali atamaliza. Makaniko wathu nayenso anasiya masipanala n'kudzasuzumira pawindo.

Ndinayamba bwino, ndisaname. Ngolo yoyamba inalowa kamodzin'kamodzi. Yachiwiri inandivuta pang'ono, koma ndinaiwongola mpaka inagwira, ndipo ndinamva bwana akuti, "Ehe, madala adzuka." Ndinayenda nazo mumsewu wa pakompyutawo osagunda kanthu, n'kukaimika yakumbuyo pakati penipeni pa mizere yake. Kenako ndinadina batani lofiira, osasiya, mpaka ndinamva kuti khwa.

Ndinaponya giya n'kunyamuka, chifuwa chili patsogolo. Pagalimoto yeniyeni katundu umamumva m'chiuno. Ngolo ikatsala, msana umadziwa maso asanaone. Koma mpando wa mu ofesi ungakuuze chiyani? Maso anga anali pamalo osiyapo ngolo yakutsogolo, ndipo ndinakhota bwinobwino, motakasa, kupatsa malo ngolo imene kumbuyo kwanga kunalibe.

Makaniko ndiye anayamba kuphulika pawindo paja. Bwana anaweramira pakompyuta n'kudina kena kake, chithunzi n'kusintha kuonetsa galimoto yonse kuchokera kumwamba. Mutu unali wokhawokha, ukuyenda ngati nkhuku yososoledwa nthenga. Ngolo zonse ziwiri zinali zitatsala kutali, zili chilumikizire.

"Alamu, mwapepukidwatu," anatero mlamu wanga ali pakona paja. "Katundu wa eni mwam'siyira ndani?"

"Madala," anatero bwana, "mukalidina nthawi yaitali limamasula zonse. Yakumbuyo yokha mumangoligunda kamodzi. Sabata yonseyi mumatani?"

Ndinatembenuka. "Iwe, dzulo unandiuza chiyani?"

"Ndinati kamodzi, alamu. Makutu ayamba kuvuta kapena?"

Sindikudziwa kuti ndinadumpha bwanji mpando uja. Ndinangozindikira kolala yake ili m'manja mwanga, ndikum'gwedeza, makaniko akundikoka kumbuyo. Ndinam'tchula mayina onse amene ndinkawadziwa: njoka, Yudasi, galu wosayamika. Iye sanabwezere n'komwe, anangokweza manja kuti bwana aone bwino amene akuchita zachiwawa.

"Basi!" anakuwa bwana. "Ndaona zokwanira. Lolemba mudzatenge katundu wanu."

Kiyi anaperekedwa ine ndikuona.

Kunyumba ndinafotokoza zonse, koma mkazi wanga anangoti mwina sindinamvetse bwino, mlongo wake sangachite zotero. Mawu amenewo anandipweteka kuposa kuchotsedwa ntchito. Loweruka ndi Lamulungu tinakhala m'nyumba imodzi ngati anthu ongokumana pa siteji ya basi.

Lolemba m'mawa ndinapita kukatenga zanga: bulangete, kapu, jombo, ndi kabokosi ka zitsulo kamene ndinagula ndekha. Ndikutuluka m'chipinda chosungiramo katundu, ndinaona chithiraki chija chili pakati pa bwalo, ngolo zonse zitadzaza matailosi. Makaniko anandinong'oneza kuti kumene akukatsitsa koyamba geti ndi lopapatiza, ndiye yakumbuyo iyenera kutsala kaye pabwalo pompo. Bwana anali mu ofesi, foni ili kukhutu, atafulatira windo.

Ndinaima pamthunzi, bulangete lili m'khwapa, kuti ndione katswiri wa gemu.

Anatsika m'galimoto atavala magalasi akuda, akuimba mluzu. Anapita pakati pa ngolo ziwirizo, n'kuchotsa mapaipi a mpweya, n'kukoka chitsulo chotsekulira pini. Kenako anapukuta manja pabuluku n'kuyamba kubwerera kutsogolo.

Miyendo sanatsitse.

Ndinayang'ananso kuti mwina maso akundinamiza. Ayi ndithu, miyendo ya ngolo yakumbuyo inali m'mwamba, chopukusira chake chili pamalo pake, chosakhudzidwa. Pagemu paja miyendo imatsika yokha, ndipo lole yake ya simenti inalibe miyendo yoti n'kuikumbukira. Akangosuntha pang'ono, ngolo yodzaza matailosi igwa chamutu pasimenti, miyendo ipindika, katundu aphwanyika, tsiku loyamba lenilenilo. Makaniko anali atalowa kale pansi pa galimoto ina, sankaona kanthu. Pafupi ndi ngoloyo panalibe munthu woti n'kuvulala.

Mtima wanga unavina, ndikuuzeni zoona. M'maganizo ndinaona bwana akutuluka akuthamanga, ndinaona kiyi akulandidwa, ndinadziona ndikubweza bulangete langa m'chipinda muja. Sindinafunike kunama, kapena kukhudza kanthu. Ntchito yanga inali kungotseka pakamwa basi, ndipo munthu amene anandiyenda pansi akanadzikumbira yekha dzenje.

Anakwera, n'kutseka chitseko. Injini inalira. Ndinamva mpweya wa mabuleki ukuphulika kuti tswii, ndipo ndinaluma mano, ndikudziuza kuti khala chete, mdala iwe, khala chete. Matayala anayamba kugudubuka, chimbale chikutsetsereka pansi pa ngolo ija pang'onopang'ono.

"Miyendo! Miyendo, chitsiru iwe!"

Bulangete linali pansi, ine ndili pakati pa bwalo, ndikumenya chitseko chake ndi chibakera. Anaponda buleki galimoto yonse n'kugwedezeka. Ngolo inali itatsala pang'onong'ono kuchoka pachimbale, yangogwira ndi kamlomo.

Anatsika nkhope itatuwa, magalasi akuda ali m'manja. Anayang'ana miyendo ija, n'kuyang'ana ine, kenako anathamangira chopukusira n'kuyamba kupukusa ngati wamisala. Ine ndinangoima nditakwiya, ndipo sindinadziwe kuti ndakwiyira iyeyo kapena kamwa langali.

Miyendo itangogunda pansi, bwana anasuzumira pawindo, foni ikadali m'manja.

"Kukuchitika chiyani kumeneko? Madala, mwayambanso ndewu?"

Ndinayang'ana mlamu wanga. Ndinam'patsa mpata, ndithu ndinam'patsa, kuti anene yekha ndi pakamwa pake. Anapukuta thukuta, n'kuvalanso magalasi aja.

"Palibe vuto, bwana," anatero. "Alamu amangonditsanzika."

"Chabwino. Madala, mukamaliza mutuluke, geti lisakhale lotsekula."

Ndikanatha kunena. Koma miyendo inali pansi, ngolo ili chilili, matailosi ali bwinobwino, ndipo ndikanaoneka ngati nkhalamba yansanje imene inagwira mnzake pakhosi Lachisanu. Ndinatola bulangete langa n'kulikutumula fumbi. Chithiraki chinandidutsa pageti, ndipo mlamu wanga sanatembenuke n'komwe, anangoliza hutala kuti ndipatuke.

Nditafika kunyumba ndinapeza mkazi wanga akuchapa pakhonde. Anayang'ana bulangete ndi kabokosi kaja, manja ali m'madzi. Kenako anafunsa motsitsa mawu, ngati akuopa yankho.

"Nanga mlongo wanga wanyamuka bwino?"

"Wanyamuka bwino," ndinatero, n'kulowa m'nyumba kukafuna poika jombo zanga.