Tsiku Limene Ndinataya Themositati

Ku Ndirande kumene ndinaphunzirira umakaniko, galimoto ikangofika kuchokera ku Japan, ntchito yoyamba inali kuichotsa themositati. Palibe amene ankafunsa chifukwa chake. Tinkangoti kachitsulo kameneko n'ka kumayiko ozizira, kuno kamangotsekereza madzi, basi n'kukaponya m'ngalande. Ine Potiphar ndinachotsa mathemositati oposa zana ndi manja angawa, ndipo nzeru imeneyi ndinakwera nayo ndege mpaka ku Dubai ngati digiri.

Ntchito ndinaipeza m'galaja ina ku Dubai Investments Park, yosamalira magalimoto akalekale a mpikisano. Kwa abale kumudzi ndinali injiniya. M'galajamo ndinali wopatsira masipanala, wotsuka matayala ndi wofulula tiyi. Makaniko weniweni anali a Bashir, mkulu wa ku Pakistan wa ndevu zoyera, amene tonse tinkawatchula kuti Ustad, kutanthauza mphunzitsi. Zaka zitatu ndinaima pambali pawo ndikuganiza mumtima kuti mkuluyu amangochulutsa gaga, zinthu zophweka n'kumaziyeza katatu.

Kenako kunabwera korona. Eni magalimoto anadzitsekera m'nyumba, mabwalo a mpikisano anatsekedwa, anzathu anayi anapatsidwa matikiti a ndege. Pofika mu Julayi 2020 tinatsala awiri, a Ustad ndi ine. Bwana Nasser, mwini galaja, anatiitana, naima patali masiki ili kukamwa.

"Viza zanu nonse awiri zikutha mu Seputembala," anatero. "Ine nditha kukonzanso imodzi yokha. Khalas, basi."

Mkazi wanga Florah ankalera ana m'nyumba ina ku Jumeirah ndipo ankagona komweko. Korona isanabwere tinkaonana Lachisanu lililonse tikaweruka ku tchalitchi. Chiyambire Malichi madamu ake sankamulola kutuluka pageti, moti tinkangoonana pa foni, komabe tinali mumzinda umodzi, ndipo zimenezo zinkandilimbitsa mtima. Zoti ndibwerere ku Malawi ndekha, iye n'kutsala kuno, zinkandiopsa kwambiri.

Mu Ogasiti a Ustad anawapeza ndi korona, n'kuwatengera kumalo osungirako odwala. Mulungu andikhululukire, ndinawapempherera ndithu, koma pemphero lake linali lalifupi.

Sabata yomweyo mabwalo atatsegulidwa, mzungu wina, kasitomala wathu wakale, anabweretsa galimoto yake yobiriwira ya ku Britain, yopangidwa m'zaka za m'ma 1960. Vuto lake linali lakuti ikazungulira bwalo kanayi, madzi ankawira.

"Ungaithe?" anandifunsa Bwana Nasser.

"Bwana, imeneyi ndi ntchito ya mphindi khumi."

Atangolowa mu ofesi ndinamasula mabawuti atatu, n'kukasolola kachitsulo kaja. Kanali kachilendo pang'ono, kali ndi kolala yamkuwa m'munsi mwake, koma ine sindinali munthu woopsezedwa ndi kolala. Ndinakaponya m'bini, ndipo m'mawa mwake lole ya zinyalala inakatenga. Nthawi ya nkhomaliro ndinaimbira Florah.

"Mayi a Chawezi, viza ija muiwerengere kuti yatheka. Anthu kuno amaphunzira kwambiri mpaka kuiwala zinthu za simpo."

"Mwawafunsa a Ustad?"

"Ndiwafunse chiyani munthu ali pabedi?"

"Inshallah, Mulungu akalola, bambo a Chawezi," anatero, ndi mawu omwe aja amayankhira ndikamuuza kuti chaka chamawa timanga nyumba yosanja.

Tinapita nayo ku bwalo m'mamawa dzuwa lisanapse, ngakhale kuti Ogasiti wa ku Dubai sadziwa zoti kuli m'mawa. Bwana Nasser anayendetsa okha. Ine ndinaima m'mbali manja m'thumba, ndikukonzeratu nkhope yodzichepetsa yoti ndilandirire matamando. Galimoto inazungulira kamodzi. Ulendo wachiwiri sinamalize n'komwe. Inaima patali, nthunzi ili tolotolo ngati ketulo. Inkapirira kanayi ndisanaigwire, tsopano inkalephera kawiri.

"Wachita chiyani?" anafunsa bwana atavula chipewa.

"Ndikuifufuzabe, bwana."

"Uli ndi masiku asanu. Mwini wake akubwera Loweruka."

Masiku atatu ndinathira nzeru zonse za ku Ndirande. Ndinatsuka rediyeta kawiri. Ndinalumikiza fani kuti izizungulira osapuma. Ndinamanga lamba mpaka kulira. Ndikailiza m'galaja n'kuponda mafuta, singano ya geji inkangokwera ngati ikundiseka. Tsiku lachinayi masana ndinameza malovu n'kuimbira a Ustad pa vidiyo.

Anali ataonda, maso atalowa. Sanafunse n'komwe za moyo.

"Onetsa injini, bhai, m'bale wanga. Tsitsa foni. Tsegula apo." Anayang'anitsitsa. "Themositati ili kuti?"

"Inali yotha, Ustad."

"Yotha, kapena wataya?"

Ndinayang'ana ku bini. Mkuluyo anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa, mpaka ndinaopa kuti ndapha munthu pa foni. Atapezako mpweya anandiuza kuti ndilowetse chala pamene panali kachitsulo kaja. M'mbali mwake munali kabowo.

"Imeneyo ndi njira yachidule," anatero. "Injini ikakhala yozizira, madzi amadutsa mmenemo kubwerera mu injini. Ikatentha, kolala ija imatseka kabowoko, madzi n'kumapita ku rediyeta. Iwe wataya chitseko. Madzi ndi aulesi ngati iwe, bhai. Angazungulirenso ku rediyeta chifukwa chiyani njira yachidule ili pululu?"

Nkhope yanga inatentha kuposa injiniyo. Ndinaganiza za magalimoto zana aja a ku Ndirande, ndipo sindinafune kuwaganizira nthawi yaitali.

"Nanga bwanji inkawira kale, themositati ili momwemo?" ndinafunsa, ndikuyesa kupulumutsa kaulemu kotsala.

"Funso loyamba lanzeru m'zaka zitatu. Pampu ya madzi imeneyo anaipangira kuyenda mumsewu. Pa bwalo injini imathamanga kwambiri, pampu n'kumazungulira mopitirira muyeso. M'malo mokankha madzi imangowapukusa, n'kupanga thovu. Thovu siliziziritsa kanthu. Ifunika izungulire pang'onopang'ono."

Ndinaganiza kuti malungo awasokoneza mutu. Galimoto ikutentha, iwe n'kuichedwetsa pampu? Koma ndinalibenso pothawira. Anandiuza kuti nditsegule kabati yawo, dilowa yachitatu. Munali pule, gudumu lozungulitsidwa ndi lamba, yaikulupo kuposa ya pa pampu, yomwe anasula okha kalekale, atangomva koyamba madandaulo a mzungu uja.

Masiku awiri otsalawo ndinagwira ntchito foni itatsamira botolo la oilo, mkuluyo akundiyang'anira ali chigonere. Ndinadula kachidutswa ka payipi yamkuwa n'kukapala ndi fayilo kuti kakhale kolala yotseka kabowo kaja. Kanayi konse anandiuza kuti nditaye ndiyambirenso. Ndinaika pule yatsopano ndi lamba wotalikirapo. Ndinayeza mpata wa pakati pa mapiko a pampu ndi chivundikiro chake, katatu, ine amene. Pomaliza ndinadula malata a aluminiyamu n'kutseka mipata yonse ya m'mbali mwa rediyeta kuti mphepo isazembe. Nthawi yonseyi za viza imodzi ija sanatchule, inenso sindinatchule.

Loweruka galimoto inazungulira bwalo maulendo khumi ndi awiri, singano itaima pakati osagwedezeka. Mzungu anatuluka ali thukuta kamukamu, n'kundigunda chigongono mmene tinkapatsirana moni masiku amenewo. Titabwerera ku galaja Bwana Nasser anandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Potiphar, sindimadziwa kuti uli ndi mutu chonchi. Ustad wakalamba, komanso wadwala. Viza ndi yako."

"Shukran, bwana," ndinathokoza. Inde, ndinatero. Ndinaweramitsanso mutu pang'ono mwaulemu.

"Yalla, bwera uone."

Ananditengera kuseri kwa galaja n'kuvundukula malona atatu. Galimoto yoyamba giyabokosi yake inali yomasulamasula, tizitsulo tili m'mabeseni anayi. Yachiwiri inalibe waya ndi mmodzi yemwe. Yachitatu inali ndi makabyuleta asanu ndi limodzi ondandalikana, ndipo ine chibadwire ndinali ndisanakonzepo galimoto ya makabyuleta oposa imodzi.

"Zonsezi zikhale zitatha pofika Novembala," anatero bwana.

Ndikanakonda kunena kuti chikumbumtima ndicho chinanditsegula pakamwa. Ayi ndithu, anali makabyuleta aja. Ndinaulula zonse: za pule ya m'dilowa, za foni yotsamira botolo, za kolala yobwereza kanayi. Pakamwa patatseguka panakana kutsekeka, mpaka ndinafika pa bini ndi lole ya zinyalala, zimene palibe anandifunsa.

"Themositati ija unataya?" anafunsa bwana motsitsa mawu. "Tinaisakasaka miyezi isanu ndi umodzi."

Tikiti yanga inatuluka Lachitatu.

A Ustad anabwerera ku ntchito kutatsala masiku awiri kuti ndinyamuke, akuyenda mogwira khoma. Atamva nkhani yonse anakhala pa tayala n'kupukusa mutu.

"Chitsiru iwe, bhai. Ine ana anga ndi akuluakulu, ku Lahore kuli khonde likundidikira. Ukanangotseka pakamwa. Makabyuletawo ndikanakuphunzitsa pa foni, imodziimodzi. Ukuganiza kuti ndinkatsokomolera chiyani masiku awiri aja?"

Ndinawapempha kuti akauze bwana zomwezo. Anapitadi, koma anatuluka posakhalitsa. Bwana anati munthu wotaya zitsulo za makasitomala m'bini samufunanso ngakhale pa tsache.

Tsiku lonyamuka ndinauza wa takisi kuti adzere ku Jumeirah. Madamu analola kuti Florah afike pageti kwa mphindi zochepa, geti lili chitsekere. Anabwera atavala yunifolomu yake ndi masiki, n'kuima pamene anamuuza kuti aime, masitepe atatu kuchokera pa zitsulo. Miyezi isanu ndi umodzi ndinali ndisanamuone ndi maso. Kontrakiti yake inali itatsala chaka ndi theka.

"Chawezi mukamuuze kuti mama abwera soon," anatero. "Nsapato zake zili m'chikwama chofiira, musakapatse mwana wa achemwali anu."

"Ndamva."

Tinangoyang'anana. Kenako anafunsa, "Nanga galimoto ija inayenda?"

"Inayenda, mayi a Chawezi. Maulendo thwelofu, singano osasuntha. Mukudziwa, anthu ambiri amaganiza kuti pampu ikamathamanga ndiye kuti ikukankha madzi ambiri, koma si choncho ayi."

Ndinamufotokozera za thovu, za pule, za njira yachidule, manja ali m'mwamba ngati mphunzitsi wa ku koleji. Iye ankangogwedeza mutu, masiki yake ikunyowa pang'onopang'ono kuchokera m'mwamba. Wa takisi anaimba hutala kawiri, ine osasiya, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikangotseka pakamwa ndilira pamsewu wa eni ake.