Kumbuyo kwa Fidelis

Ursula Nachisale anabwera ku Perth kudzasambitsa mdzukulu, osati kudzakhala. Mwana wake Oliver ankagwira ntchito ku mgodi, masabata awiri kutchire, sabata imodzi pakhomo, ndiye mpongozi wake Tusekile atachira panafunika munthu. Pangano linali la miyezi itatu. Kenako kolona inatseka ndege, Nachisale n'kutsala ngati nkhuku yomangidwa mwendo, viza yake ya mlendo akungoiwonjezera.

Zimenezo akanapirira. Chinamuwawa ndi chisankho. Kumudzi khoti linafafaniza chisankho chija chopakidwa tipeksi, anthu n'kukafolanso mwezi wa Juni, iye ali ku Rockingham, m'mphepete mwa Perth, akutsuka mabotolo a mkaka, chiphaso chovotera chili m'chikwama pamodzi ndi mapiritsi a BP. Mmalawi akakhala kunja savota. Chiyambire riferendamu ya 1993 anali asanajombepo.

Mwamuna wake, malemu a Greyson, anali mkulu wa mpingo ku Mponela. Ulamuliro wa chipani chimodzi ukupita kumapeto, ankayenda pa njinga mudzi ndi mudzi kuuza anthu kuti asaope, voti ndi chinsinsi cha munthu ndi Mulungu wake. Anyamata a chipani anawagwira pamsika, anawamenya mpaka khutu lamanzere linatseka, ndipo anapita nalo kumanda lili chitsekere. Chichokereni iwo, Nachisale akavota ankafikira pa chithunzi chawo n'kuwaonetsa chala cha inki. "Mwaona, bambo. Khutu lija silinapite pachabe." Chaka chimenecho chala chinali mbee.

Amalawi a kumeneko ankapemphera mu holo ya lendi, yokhala ndi mizere ya mpira wamanja pansi. Wapampando wa mpingo anali a Luwayo, injiniya wamkulu ku kampani ya mgodi, munthu woti akamapemphera umachita kuona Mulungu akusendeza mpando kuti amve bwino. Lamulungu lija zotsatira zitatuluka anathokoza Yehova kwa nthawi yaitali chifukwa chobwezera voti m'manja mwa osauka. Atati Ameni anatsegula foni n'kuwerenga zolengeza.

"Chisankho chathu cha komiti, chimene tinaimitsa mu Malichi, chichitika Seputembala. Koma komiti yaona kuti avote okhazikika okha, amene ali ndi mapepala okhalitsa kuno. Ena nonse you are most welcome kudzaonerera."

Nachisale anaimirira osakweza dzanja.

"Ine ndili mbali iti?"

"Mayi, inu ndinu mlendo wathu wolemekezeka." A Luwayo anamwetulira. "Paja akuluakulu anati mlendo ndi mame."

"Mame ake ati okhala chiyambire Januwale? Ndi mame amene amakolopa holo ino inu mukamakwera magalimoto anu? Chopereka changa mukamalandira mumachifunsa viza?"

Anthu anaseka chapansipansi. Tusekile anamukoka nsalu. "Amayi, khalani pansi chonde."

Chifukwa chenicheni aliyense ankachidziwa. Ana a sukulu ndi atsikana osamalira okalamba anali atachuluka mumpingo, onse a maviza osakhalitsa, ndipo anali atayamba kufunsa kuti mpando umenewu anachita kubadwa nawo a Luwayo kapena bwanji.

Lachinayi amayi a Mvano anakumana m'galaja ya kwa aNangozo, gogo mnzake amene nayenso ndege zinamutsekera. Nachisale anatsegula Malemba, chala chikutsata mzere.

"Ine sukulu ndinalekera Sitandade 5, koma apa ndimawerenga. Amasiye ataiwalika pogawa chakudya, atumwi sanakhale pakona n'kusankhana okhaokha. Anaitana khamu lonse kuti lisankhe. Lonse. Palibe pamene alemba kuti anayamba aona kaye mapasipoti."

"Nanga titani, anzanga?" anafunsa aNangozo. "Tili m'dziko la eni, tikudyera m'manja mwa ana."

"Tipemphera. Tikatha kupemphera tiwavuta."

Ndipo anawavutadi. Nachisale, amene anali asanakwerepo sitima ya kuno yekha, anakwera mpaka m'tauni, n'kuyenda wapansi ku Northbridge kukasaka atsikana otsuka mbale kuseri kwa malesitilanti. Ankawapeza pa buleki atakhala pa makireti, iye n'kuwagwira mapewa, kupemphera nawo pafupi ndi mabini. Osamalira okalamba ankawaimbira foni akaweruka. Ena ankati ali bize, iye n'kuwafunsa ngati Yesu analinso bize tsiku la mtanda.

Lamulungu lotsatira amayi analowa mu holo atavala yunifolomu ya Mvano: bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku yoyera. Nachisale yake anabwera nayo kuchokera ku Mponela, poti munthu sudziwa kumene imfa idzakupezere. Ena anagula mabulauzi pa kaunjika wa kuno. Zovala zimenezo si za Lamulungu wamba, n'za mgonero ndi maliro, ndiye anthu anayamba kuyang'ana mafoni awo kuona ngati kwabwera uthenga woipa kuchokera kumudzi. Nyimbo itayambika amayiwo anangoweramitsa mitu, milomo ikupemphera chamumtima. Abambo anatsala okha akulira ngati ng'ombe zotsekeredwa m'khola mpaka vesi lachiwiri linawafera pakamwa.

A Luwayo anayandikira mwaulemu. "Pepani amayi, kodi tataya ndani?"

"Voti yathu, bambo," anatero Nachisale. "Tikudikira mutiuze ngati tikaike kapena idzuka."

Masabata anapita, mpingo wopanda nyimbo, wopanda tiyi, holo yosakolopa. Oliver atatsika ndege kuchokera ku mgodi anafikira m'khitchini asanavule n'komwe shati yake ya olenji.

"Mami, mukudziwa amene anasainira viza yanga?"

"Ndikudziwa amene anakubereka."

"Sizoseka izi. A Luwayo ndi bwana wanga. Mapepala anga okhalitsa sanatuluke. Inu mudzakwera ndege n'kupita, ine nditsala nawo. Mukundithirira mchenga m'mbale."

"Abambo ako anapereka khutu. Iwe ukuopa kutaya moni wa Luwayo?"

"Abambo ankamenyedwa kwawo, mami. Akadzuka pamsika paja ankapita kunyumba kwawo. Ine akandichotsa ndipita kuti ndi mwana uyu?"

Nachisale anapitiriza kupukuta mbale youma kale.

Kenako, Lamulungu lina, a Luwayo anaimirira ndi nkhope ya munthu amene Mzimu wamuyendera.

"Komiti yamva kulira kwa amayi athu. Aliyense avota, mlendo ndi mwini mudzi yemwe. Koma tisaiwale mliri. Mapepala ndi zolembera zimayenda m'manja ambiri. Komanso pepala, mayi Nachisale andichitira umboni, ndi limene anapaka tipeksi. Ndiye tichita chakwathu. Opikisana atembenukira kukhoma, inu mufola kumbuyo kwa amene mukumufuna. Mzere supakidwa tipeksi."

Woyamba kuimba nthungululu anali Nachisale. Nkhalamba inaona ngati yapambana! Anavina mpaka duku inapendekeka, amayi anzake akumukupiza ndi mipango. Kwawo ndi mmene ankasankhira mlembi wa Mvano, wa komiti ya mjigo, ngakhale phungu pa mapulaimale. Sanaone cholakwika chilichonse.

Wopikisana ndi a Luwayo anapezeka mmodzi yekha, Fidelis, woyendetsa thiraki ku Kwinana. Nachisale sankamukonda kwenikweni. Ankawodzera pa ulaliki ndipo ankatafuna chingamu pa mgonero. Koma ndi yekhayo amene anavomera.

Tsiku la chisankho holo inadzaza. Atsikana a ku Northbridge anabwera, osamalira okalamba anasinthitsa mashifiti, Oliver analipo. Pansi anamata timitanda ta tepi kuti anthu aime motalikirana monga mwa lamulo la kolona. Oyendetsa chisankho anali abusa obwereka ku mpingo wa a ku Zambia. A Luwayo ndi Fidelis anatembenukira kukhoma, aliyense atafunditsidwa chitenje kumutu.

Nachisale anayenda woyamba n'kukaima pa kamtanda ka kumbuyo kwa Fidelis. Anamva mapazi angapo akumutsatira. Ndiye mkazi wa a Luwayo anakwera pa mpando, foni ili m'mwamba.

"Musadandaule, n'chikumbutso chabe, tiika pa gulu la mpingo. Mwetulirani."

Pamenepo Nachisale anauona msampha. Maso a a Luwayo anali kukhoma, inde, koma foni ija inali ndi maso, ndipo madzulo ikawauza zonse, nkhope ndi nkhope. Anakumbukira njinga ya a Greyson ndi mawu amene anawamenyera aja. Chinsinsi cha munthu ndi Mulungu wake. Chimene mwamuna wake anagula ndi khutu, iye anachigulitsa ndi nthungululu.

Kumbuyo kwake mapazi anayamba kusesereka. Mtsikana wina ankachita lendi chipinda kwa a Luwayo. Wina mchimwene wake ankadikira ntchito ku mgodi. Wina a Luwayo ndi amene anamulembera kalata ya umboni ku sukulu. Mmodzimmodzi anawoloka mzere wa mpira uja, maso ali pansi ngati akufuna singano.

ANangozo anatsala pang'ono. "Anzanga, mkamwini wanga uja..." Anakonza duku n'kuwoloka.

Mkazi wa Fidelis yemwe anaima pakati, nayang'ana msana wa mwamuna wake, nayang'ana foni, n'kupita kumene kunapita anthu.

Oliver anadutsa pafupi n'kunong'ona. "Mami, tiyeni uku. Palibe chisinthe. Chonde."

"Pita ukafole."

Chifukwa chotalikirana muja, mzere wa a Luwayo unatuluka pakhomo, kudutsa poimika magalimoto, mpaka kukakhota ku mabini. Theka la mzerewo anali anthu amene Nachisale anawapempherera pa makireti. Anawamenyera voti, iwo n'kuinyamula ndi manja awiri kukapereka kwa amene ankawamana.

Abusa anayang'ana uku ndi uku. "Apa vaonekelatu, abale. Tisataye nthawi."

"Werengani," anatero Nachisale.

"Amai, mwaona mweka..."

"Ndati werengani. Muyambire kuno."

Abusa anayandikira, naloza chala m'malere pamwamba pa phewa lake, poti kukhudzana kunali koletsedwa. "Mmodzi."

"Mokweza. Amuna anga samva khutu limodzi."

Abusa anabwereza mokweza, mawu n'kukagunda kudenga. Kenako anapita kukawerenga mzere winawo, ndipo anatenga nthawi.

Fidelis atavula chitenje anatembenuka. Anayang'ana timitanda topanda anthu, nafunafuna mkazi wake ndi maso, kenako anayang'ana nkhalamba ya duku yoyera.

"Zikomo, mayi."

"Usandithokoze. Akanaimika galu ndikanafolabe."

Potuluka, Nachisale anaima pa tebulo la pakhomo, pamene aliyense polowa ankalemba dzina ndi nambala ya foni chifukwa cha mliri. Panali cholembera chimodzi chomangirira ku chingwe. Manja onse a mu holo muja anali atachigwira m'mawa womwewo, manja a a Luwayo omwe. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anachitenga n'kuyamba kudzipaka pa chikhadabo cha chala cha mkombaphala, kubwerezabwereza mpaka chinada bii.

A Luwayo anadutsa akulandira mafuno abwino a zigongono. "Demokalase yapambana, mayi. Tikuthokoza khama lanu." Kenako anatembenukira kwa Oliver, kumwetulira kuli pomwepo. "Achimwene, tionana ku eyapoti Lolemba. Tikacheze pang'ono."

M'galimoto Oliver sanayatse wailesi. Anagwira chiwongolero ndi manja awiri ngati wophunzira kumene. Nachisale anatulutsa m'chikwama kachithunzi ka a Greyson, kakale kothothoka m'mbali, n'kuikapo chala chija. Pakamwa panayasama kuti anene mawu ake a nthawi zonse, koma sanatuluke.

Atafika kunyumba anapeza Tusekile, amene anatsala ndi mwana, ataima pakhomo atavala kale yunifolomu ya ntchito, khanda likulira paphewa. M'dzanja lina anali ndi botolo la sanitaiza. Lamulo la nyumba imeneyo linali limodzi: wochokera kugulu sagwira mwana asanapake.

"Zayenda bwanji?" anafunsa Tusekile.

Oliver anangodutsa n'kulowa m'nyumba.

Nachisale anafumbata dzanja. Mwana analira kwambiri, akutambasulira manja kwa agogo ake, ndipo Tusekile anayang'ana wotchi. Nkhalamba inafumbatula. Mankhwala ozizira anagwera pachikhatho, inki inasungunuka n'kuyenderera m'mizere ya dzanja, iye n'kupukutira pa siketi yakuda pamene sizioneka.

"Bwera naye kuno," anatero.