Laputopu ya Nellie

Mafunso a mayeso a Fomu 4 anafika m'mafoni mwa ana kutatsala sabata kuti alembe. Pasukulu ya sekondale ya ku Kabudula panavuta. Komiti ya makolo inaitanitsa Salim, washopu ya mafoni pamsika, amene anaika intaneti pasukulupo.

Nellie, mphunzitsi wa sayansi, anakhala kumbuyo pamsonkhanopo mtima uli m'malo. Akanaopa chiyani?

"Chipangizo chilichonse chikalowa pa intaneti ya pano chimakhala ndi nambala yakeyake, ngati nyumba za m'tauni," anatero Salim. "Ahedi ndinawafotokozera tsiku loika lija. Mafunso anali m'kompyuta ya mu ofesi. Lachitatu m'mawa, nambala yothera ndi 14 inalowamo n'kuwakopera. Imeneyi ndi laputopu ya amadamu Nellie."

Nellie anakumbuka nthawi yomweyo. Lachitatu m'mawa laputopuyo anaibwereka a Yesaya, ahedi omwewo, akuti alemberepo kalata. A Yesaya, atsibweni ake enieni, amene anamulera mayi ake atamwalira, ankhoswe a banja lake! Mwana wawo Noel anali Fomu 4. Ndiye kuti za nambalazi ankazidziwa bwinobwino, n'chifukwa chake sanagwiritse yawo.

"Komatu nambala imaloza chipangizo, osati amene anachigwira," anawonjezera Salim. Ndani anamumva? Anthu anali atapeza kale wakuba wawo.

"Kodi madamu, pali wina anagwirako laputopu yanu?" anafunsa apampando a komiti.

Nellie anayang'ana atsibweni ake. Iwo anali kalikiliki kupukuta magalasi, ngati zikukambidwazo n'za kumudzi kwina. Mtima unamuwawa koopsa. Koma ungawatchule bwanji atsibweni pagulu, mawa n'kukaonekanso kumudzi?

"Palibe," anatero.

Kalata yomuimitsa ntchito inatuluka Lolemba, yosainidwa ndi a Yesaya omwewo. Zaka zisanu ndi zinayi za choko zinathera pamenepo.

Masana ake a Yesaya anafika kunyumba kwa Nellie, n'kukhala pakhonde mwaufumu.

"Wandisungira ulemu, mwana wa mlongo wanga. Zimenezi zizizira, usadandaule." Anatsokomola pang'ono. "Poti panopa sukuphunzitsa, laputopu ija umubwereke Noel aziwerengerapo, eti?"

Manyazi alibe anthu ena, abale! Nellie analowa m'nyumba mano ali gwa, n'kuitenga. Anagwada, naipereka ndi manja awiri, monga momwe iwo anamuphunzitsira ali mwana.