Apongozi Anamwa M'kapu Yake

Clancy ankamata tayala la galimoto pansi pa mtengo pamene apongozi ake, mayi Dulcie, anabwera n'kukhala pambali pake.

"Clancy, mwanawe, tandigawireko tiyi wakoyo."

Sipanala inamupulumuka m'manja. Chikwatirireni mwana wawo Noeleen, mayiwa anali asanamuyang'anepo kumaso. Akakumana kugolosale, wina ankapatuka. Akafuna kumupatsa nyama ya kangaru, ankatuma mdzukulu wawo Tyrell. Dzina lake silinkatuluka pakamwa pawo. Umenewo ndiwo unali ulemu. Koma lero anali pompa, bondo lawo likukhudza lake, akumwa m'kapu yake.

Anadzuka n'kukaima kuseri kwa nyumba, manyazi atamugwira mpaka m'mafupa.

Atamuuza Noeleen, mkaziyo anauma nkhope.

"Mwayamba kulota masana, bambo a Tyrell? Ndi maso chabe, saona bwino."

"Ananditchula dzina, Noeleen. Nanga tsiku lija anasochera kumtsinje, mpaka Tyrell ndiye anawalondolera njira? Kuli ng'ona kuja."

"Musauze munthu. Azakhali anawatengera kunyumba ya okalamba kutauni, anabwerako m'bokosi. Amayi adzafera pa nthaka yawo."

Lachinayi dokotala anabwera pa ndege. Clancy anatenga Noeleen ndi mayi ake pa galimoto kupita kukiliniki, apongozi atakhala kumbuyo, nkhope ataloza kuwindo monga mwa masiku onse. Mtima unakhalako pansi. Mwina analotadi. Iye anatsala pakhonde, poti sakanalowa chipinda chimodzi ndi iwo, koma windo linali lotsekula.

Msuweni wake Raylene, wogwira ntchito pakilinikipo, ndiye ankamasulira. Dokotalayo, yemwe anali wachitsikana, anaonetsa chipeso, kapu ndi machesi, n'kuzibisa mayiwo akuona. Kenako anawapempha kuti atchule nyama zimene anthu amasaka.

"Mtsikanayu sadziwa nyama?" anatero mayi Dulcie. "Nanga kusukuluko ankaphunzira chiyani?"

Onse anaseka. Mayiwo anatchula kangaru, ng'azi, kamba, nsomba zamitundumitundu. Koma atafunsidwa za zobisika zija, anakumbukira chipeso ndi kapu basi. Atafunsidwa kuti ino ndi nyengo yanji, anakhala duu, mpaka Noeleen anatsokomola n'kunena kuti kunja kwachita mitambo.

"Ya mvula," anatero mayiwo mofulumira.

"Mafunso angawa paokha sanena zonse," anatero dokotala mofatsa. "Amene mumakhala nawo ndinu mumadziwa. Pali chimene chasintha pa khalidwe lawo?"

"Palibe," anayankha Noeleen.

Clancy anayang'ana manja ake akuda ndi girizi. Akanatha kungokhala chete, ndege n'kunyamuka, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma m'maso mwake munkabwera Tyrell, atagwira dzanja la agogo ake m'mphepete mwa madzi.

Raylene anatuluka kudzatunga madzi akumwa.

"Iwe msuweni, nkhope ngati wameza chule bwanji? Akukumana chakudya kwanu?"

"Raylene." Clancy anatsitsa mawu. "Munthu wamkulu ali mkatimo. Anadzakhala pafupi nane. Anandiitana ndi dzina, n'kumwa m'kapu yanga."

Kuseka kunathera pakamwa. Raylene anaika botolo pansi.

"Ukunena zoona?"

Clancy anagwedeza mutu movomera.

Anamumva akulowa, akufotokozera dokotala pang'onopang'ono tanthauzo la zimenezo kwa anthu a kuno. Dokotala anafunsa kuti zinayamba liti. Anati pali matenda ena ochizika amene amasokoneza mutu, ndiye ayambe ayeza magazi, kenako mayiwo apite kutauni akawaunike ubongo. Anati matenda oiwalaiwala sawagamula tsiku limodzi, ndipo ambiri amasamalidwa kwawo. Koma Clancy ankadziwa kuti Noeleen wamva liwu limodzi lokha: kutauni.

Atatuluka, mkazi wake anamudutsa ngati mtengo. Maso anali ofiira.

Mayi Dulcie anatsekula chitseko cha kutsogolo cha galimoto, n'kukwera, n'kukhala pampando wa pambali pa woyendetsa.

"Tiye, Clancy. Uyendetse bwino, msewuwu ngwokumbika."

Anthu amene anali pakhonde anayang'ana pansi. Clancy analiza galimoto. Pagalasi anaona Noeleen atakhala kumbuyo, pamalo a mayi ake, nkhope ataloza kuwindo. Njira yonse sanatembenuke.