Chitseko Sichisankha Munthu

1.
Belu likulira. Lilira mphindi zitatu, ndipo likangoleka, Edina Chimtengo atseka chitseko. Amene ali mkati avota, amene ali kunja akamwe tiyi.

Anthu amati malamulo a dziko amapangidwa ndi aphungu. Edina wasesa maofesi a Nyumba ya Malamulo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo wangotha miyezi isanu chimuikireni pa chitseko cha kumanzere. Wayamba kukayikira zimene anthu amanenazo.

2.
Malamulo a pachitseko, monga anamuuzira a Mwalwanda, amene aima pa chitseko cha kumanja kuyambira tsitsi lawo lisanachite imvi:

Nsapato zakuda.
Usaseke, ngakhale nthabwala ikome chotani.
Mkatimo ulibe pakamwa.
Phungu akagona, sunaone.
Usawerenge anthu. Owerenga alipo, ali ndi matebulo awo.
Belu likaleka, tseka. Lisanaleke, usatseke.
Chitseko sichisankha munthu.

3.
Yotamu ndi mlongo wake wa Edina, mzime wa kwawo. Anali wa kabaza. Tsiku lina bambo wina anamukweza thumba lolemera, nati ndiperekeze kumsika. Pa mlatho panali apolisi. Mwini thumba anatsika kuti akataye madzi, nalowa m'munda wa chimanga, ndipo mpaka lero akutayabe madziwo. M'thumbamo munali injini yopopera madzi, yobedwa.

Yotamu ali ndi chibwibwi. Akamacheza ndi achemwali ake mawu amatuluka, mopunthwa koma amatuluka. Akaona yunifolomu, amakanirira pakhosi. Pa pepala panalembedwa kuti woganiziridwayo wakana kuyankha mafunso.

Miyezi khumi ndi isanu ndi inayi pa rimandi. Mlandu sunayambe n'komwe.

4.
Mboni sinabwere. Mubwerenso.
Galimoto yotenga akaidi ilibe mafuta. Mubwerenso.
Loya wothandiza osauka, mmodzi yekhayo wa maboma atatu, ali ku mlandu wakupha. Mubwerenso.
Mboni yabwera, fayilo sinabwere. Mubwerenso.
Mvula.
Mubwerenso.

5.
Mayi Msukwa si loya, ndi mlangizi wa zamalamulo, mmodzi mwa aja amayenda m'ndende ndi chikwama cha mapepala, ndipo nkhani ya Yotamu amaidziwa ngati njira ya kumudzi kwawo, amadziwa kuti munthu sayenera kusungidwa nthawi yonseyi osazengedwa mlandu, amadziwa ndime yake ndi tsamba lake, koma m'khoti woyankhulira munthu ndi loya basi, ndiye anamuphunzitsa Yotamu mawu atatu okha kuti akanene yekha, ndikupempha belo bwana, ndipo Yotamu anawayeseza posamba, pa mzere wa chakudya, popalira m'munda wa ndende, mpaka akaidi anzake anamupatsa dzina loti Belo Bwana, ndiye tsiku linakwana, a majisitireti anadzutsa mutu nafunsa ngati woimbidwa mlandu ali ndi chonena, Yotamu anatsegula pakamwa, ndi, ndi, ndi, Mayi Msukwa ali pa benchi ya kumbuyo milomo ikuyenda popanda mawu, Edina pambali pawo ataluma nsonga ya chitenje, ndi, ndi, milandu ina makumi atatu ikudikira pakhonde, a majisitireti anadikira ndithu, sanali munthu woipa, anadikira, kenako anaweramira pepala n'kulemba

Mubwerenso.

6.
Bilu imene aphungu akuvotera lero ili ndi masamba ambiri, koma Edina anatolamo chiganizo chimodzi: alangizi ngati Mayi Msukwa aziloledwa kuimirira m'makhoti ang'onoang'ono n'kuyankhulira anthu opanda loya.

Dzulo Olemekezeka a Kalimbuka, phungu amenenso ndi loya wotchuka, anayankhula mphindi makumi anayi kuikana. A Sipikala, anatero, munthu akathyoka mwendo sitimutengera kwa kalipentala pongoti nayenso amadziwa kulumikiza zinthu. Nyumba yonse inafa nacho chiseko, ngakhale a mbali yofuna biluyo.

Edina sanaseke. Lamulo lachiwiri la a Mwalwanda silinamuvute konse tsiku limenelo.

7.
Lamlungu lapitali, tsiku loona akaidi. Edina anabweretsa chinangwa chophika m'jumbo.

Achemwali, a-akuti mukupanga lamulo langa.

Ine ndimangotseka chitseko.

Nanga a-awa amatani? Yotamu analoza msilikali wa ndende ndi chibwano. Ntchito yanu ndi i-imodzi. Kungoti inu mumatsekera o-onenepa.

Idya chinangwa iwe, usandiputire mlandu wina.

A-akakana?

Sakana.

A-akakana, achemwali?

Edina anayamba kumanga mfundo pa jumbo yopanda kanthu. Anamanga ziwiri.

8.
Belu likulirabe. Yatha mphindi imodzi.

Pakuchitika zachilendo. Aphungu okana biluyo, m'malo molowa, akutuluka. Awiriawiri, atatuatatu, maso pa mafoni, ngati anthu amene akumbukira nthawi imodzi kuti anasiya nyemba pamoto. Edina akuwapatukira mwaulemu wonse. Muyende bwino, akutero chamumtima. Aliyense wotuluka watuluka ndi ayi wake.

Tsidya linalo la chipinda, nkhope ya a Mwalwanda yakwinyika. Mwina msana ukuwapweteka, akuganiza Edina.

A Kalimbuka sanaoneke chiyambire m'mawa. Akuti ali ku khoti. Akhale komweko. Bambo amenewa akakhala m'nyumba, aphungu ena amayamba ayang'ana nkhope yawo asanayankhe.

9.
Zatha mphindi ziwiri ndi theka.

Kumapeto kwa khonde kwatulukira munthu akuthamanga. Mkanjo wakuda wa kukhoti uli pamkono, tayi yakwera paphewa. A Kalimbuka. Foni ikulira m'dzanja lawo. Akuiyang'ana, akuiponya m'thumba, liwiro lomwe lija. Wina akuwaitana dzina kuchokera ku chipinda cha tiyi. Sakucheuka.

Tseka, Edina. Adzadziwa ndani? Belu ili ndi lokalamba, limatha ngati chifuwa, palibe angalumbire kuti linaleka liti. Kupuma kumodzi kokha. Miyezi khumi ndi isanu ndi inayi. Kalipentala. Dzanja lako lagwira kale chitsulo, chitseko chayenda kale chikhatho chimodzi.

Chitseko sichisankha munthu.

Amene anapeka mawu amenewo analibe mlongo.

Chikhatho chachiwiri.

Koma Edina anaonapo munthu akumutsekera mawu ake asanathe kutuluka. Ndi, ndi, ndi. Dzanja linaima lokha.

A Kalimbuka analowa cham'mbali, phewa likukhula thabwa. Belu linaleka. Edina anatseka.

10.
Kalaliki akutchula mayina, phungu aliyense mawu amodzi.

Inde.
Inde.
Ayi.
Inde.
Olemekezeka, dzukani, tafika pa inu. Inde.

Olemekezeka a Kalimbuka.

Ayi.

Anamunena mokweza ayi ameneyo, akupumabe wefuwefu, kuti amveke pa wailesi mpaka kwawo. Edina anayang'ana dzanja lake lamanja ngati la munthu wina. Wamulowetsa wekha, analiuza.

Mayina anatha. A Sipikala anawerenga kapepala: ovomera 91, okana 6. Bilu yadutsa.

Mkatimo Edina alibe pakamwa. Anangotsamira chitseko. Ndiye mantha onse aja anali achabe, anaganiza. Akanatseka, akanapanda kutseka, chimodzimodzi.

11.
Panadutsa miyezi ina isanu kuti biluyo isainidwe n'kuyamba kugwira ntchito. Mubwerenso anabweranso kawiri.

Ulendo wachitatu, a majisitireti atafunsa ngati pali woimirira woimbidwa mlandu, benchi ya kumbuyo inalira. Mayi Msukwa anayenda kupita kutsogolo, chikwama kukhwapa. Anayankhula mphindi zinayi. Edina anaziwerenga pa wotchi ya pakhoma, pakuti kuno palibe lamulo lomuletsa kuwerenga.

Belo.

Mlandu ukadalipo, mboni ikufunidwabe, koma Yotamu aziyembekezera ali kunyumba. Pakhonde la khoti, dzuwa likumuthobwa m'maso, anaimirira njo pamaso pa achemwali ake, manja kumbuyo.

Ndikupempha belo, bwana.

Osapunthwa ngakhale pamodzi.

Wapenga? Wapatsidwa kale.

Ndi-ndinawaphunzira chaka chathunthu, achemwali. Ndi-ndingowataya?

Mayi Msukwa anaseka mpaka chikwama chinagwa. Kenako anachitola n'kubwerera mkati. Pa mzere panali ena khumi ndi awiri.

12.
Tibwerere ku tsiku la voti lija, madzulo ake, m'kachipinda kosinthira zovala. A Mwalwanda akuvula nsapato zakuda pang'onopang'ono.

Mwana wanga, ukudziwa kuti mkati muja munali anthu angati?

Munati ndisamawerenge.

Ndinati iweyo. Ine ndimawerenga. Phatikiza 91 ndi 6.

97.

Ndiye nambala yake yeniyeniyo. Voti ngati ija imafuna aphungu 97 m'nyumba, kaya ovomera kaya okana. Akaperewera ndi mmodzi, palibe kuvota, bilu amaiuza kuti mubwerenso chaka chamawa. Unkayesa aja ankatulukiranji? Anatumizirana uthenga pafoni kuti a mbali yawo atuluke, ndipo amene ali panja asalowe. A Kalimbuka asanalowe, mkati munali 96.

Edina anakhala pa benchi, nsapato imodzi ili kuphazi. M'maganizo anaona zikhatho ziwiri zija zimene chitseko chinayenda. Anaonanso foni ikulira m'dzanja la munthu wothamanga, munthuyo akuiyang'ana, akuiponya m'thumba.

Mwina sanawerenge uthengawo, anatero.

Mwina, anatero a Mwalwanda. Loya wosawerenga.

M'mawa mwake a Kalimbuka anafika pa chitseko cha kumanzere akuyenda mwachifatse, tayi ili m'malo mwake. Anaima kuti akonze batani la jekete.

Mwadzuka bwanji, mayi?

Ndadzuka bwino, kaya inu, bwana?

Bwino. Dzulo ndinavota ayi. Munamva?

Ndinamva, bwana.

Chabwino. Akakufunsani anthu, muziwauza zomwezo.

Edina anawatsegulira chitseko chonse, mpaka chinagunda khoma.