Khosi la Mphika wa Lachlan

Lachlan Geddes anali wamfupi, wamimba yotsogola, ndipo miphika yamkuwa imene ankatchezera wisiki kufupi ndi mtsinje wa Spey inali chimodzimodzi mwini wake: yonenepa, makosi afupiafupi. Nthunzi sinkavutika kukwera, inkawoloka ndi mafuta ake onse, mowa n'kutuluka wolemera, womata pa lilime. Anthu ankaukonda.

Vuto linali mlamu wake Murdo, mchimwene wa mkazi wake Ishbel. Murdoyo ankatcheza wisiki wake kutsidya kwa mtsinje ndi miphika yamakosi aatali, yotulutsa mowa wopepuka wonunkhira ngati mapeyala.

"Alamu," anatero Murdo pa ukwati wina, anthu akumva, "kodi mphika uja ndi inuyo, anayamba kutengera mnzake ndani?"

Anthu anafa nacho chikhakhali. Lachlan naye anaseka, mano okha.

Sabata isanathe anaitanitsa amisiri osula mkuwa. Anawauza kuti akufuna khosi la mphika lalitali kuposa lililonse m'chigwa chonsecho. Amisiri anayang'ana kudenga.

"Silikwana muno, bwana."

"Boolani dengalo."

Ishbel anamupeza ali pabwalo, akuyang'anira anthu akusasula malata.

"Inu abambo, mowa wanu walakwa chiyani?"

"Mayi, izi n'zaukatswiri."

"Ukatswiri wake uti? Achimwene anakunenani mimba basi. Mukanangochepetsa mbatatesi."

Khosi linafika, lalitali ngati nsanja ya tchalitchi, n'kutulukira padenga. Lachlan ankati akamadutsa pamlatho amatembenuka kuliyang'ana, mtima uli mbee. Koma nthunzi inkati ikakwera, imatopera panjira n'kugwera mumphika momwemo, kukweranso, kugwanso. Imene inkafika pamwamba inali itasiya zonse zokoma m'munsi. Antchito analawa madontho oyamba, n'kuyang'anizana.

"Ukhwimira mumigolo," anatero Lachlan. "Dikirani muone."

Anadikiradi zaka. Tsiku lotsegula mgolo woyamba anaitana anthu, anavala siketi yake yamizeremizere ya fuko lawo, anaphitsa nkhosa. Tambula yoyamba anapatsa Murdo.

Murdo ananunkhiza. Anamwa pang'ono, n'kuyendetsa mkamwa nthawi yaitali, maso ali kumwamba.

"Madzi abwino kwambiri, alamu. Ozizira bwino. Nanga wisiki mubweretsa nthawi yanji?"

Ulendo uno ngakhale abusa anabisa nkhope m'chipewa.

Lachlan anada balere wa chaka chimenecho. Anada migolo, anada mvula, anachotsa ntchito munthu wosonkhezera moto. Za khosi sanalole aliyense kutchula. Ogula ake akale anasiya kubwera mmodzimmodzi, ndipo mowawo unkangotengedwa ndi amalonda a ku Glasgow, kuti azikasungunulira wisiki wa anthu ena akakhala waukali kwambiri.

Lachlan yekha ndiye ankaumwa, madzulo alionse, akuumirira kuti kukoma kwake n'kobisika, kofuna lilime lophunzira. Ishbel ankangovomera ndi mutu, n'kudzitsanulira mobisa wisiki wa achimwene ake mukapu ya tiyi.