Bwalo la Dinnah Losaponda Dinnah

A Damiano anakhala wapampando wa timu ya Akambuku a Kalumphe kuyambira tsitsi lawo lili bii mpaka litachita mbuu, ndipo pa zaka zonsezo sanamenyepo mpira ngakhale mwangozi. Ntchito yawo inali ina. Chaka chilichonse anthu akamaliza kukolola, iwo ankanyamuka ulendo wa ku Vubwi, kufupi ndi malire a Mozambiki, kwa sing'anga amene ankawapatsa kanyanga kokulunga m'sanza. Kanyangako ankakakwirira pakati pa golo la kum'mawa. Chizimba chake chinali chimodzi: phazi la munthu wamkazi likadzangoponda bwalolo, mankhwala asukuluka, ndipo amuna sadzawinirapo mpaka kalekale.

Lamuloli linali lokoma kulisunga, chifukwa silinkalakwa. Akambuku akawina, anali mankhwala. Akaluza, ndiye kuti mayi wina wadutsa pafupi ndi mtolo wa nkhuni, chithunzithunzi chake n'kugwera pa mzere. Zoti osewera agonera kachasu sizinkatchulidwa.

Munthu woyamba kupitikitsidwa pabwalopo anali mwana wa mlongo wawo weniweni, Dinnah. Ali kamtsikana, Dinnah ankapanga mpira wa mapulasitiki womanga ndi luzi, n'kumazunza nawo anyamata m'njira ya kuchitsime mpaka ena kulira. Tsiku lina mpirawo unagubuduzika kulowa m'bwalo, iye n'kuuthamangira. A Damiano anamugwira diresi phazi lili m'mwamba, anaudula mpirawo ndi chikwanje pamaso pake.

"Iwe Dinnah, mkazi womenya mpira sabereka," anatero. "Ukufuna kundithera mbumba?"

Atakula pang'ono, Dinnah anapita ku Chipata, kenaka ku Lusaka, kumene anakumana ndi akazi ena ouma mitu ngati iye. Masiku amenewo mpira wa akazi unali chinthu choseketsa. Ankasewera ndi majezi otayidwa ndi amuna, aakulu ngati matumba a thonje, ndipo anthu ankabwera kudzaseka, n'kubwerera ali chete. Posakhalitsa dzina lake linayamba kumveka pa wailesi. Anagoletsa ku Lusaka, anagoletsa kunja kwa dziko, ndipo kulikonse kumene anagoletsa, a Damiano ankanyamula wailesi yawo m'mwamba pa golosale.

"Magazi athu amenewo! Mwendo wamanzerewo ndinamuwongola ndine!"

Bondo litamukana, Dinnah anabwerera kumudzi ndi ana awiri aamuna onenepa bwino, ndipo nkhani ya kusabereka ija palibe anaikumbukanso. Anasonkhanitsa atsikana n'kuyamba kuwaphunzitsa kuseri kwa shedi ya thonje, pamalo otsetsereka, amiyala, okhala ndi chulu pakati. Ana ankabwerera kunyumba mawondo ali magazi okhaokha. Dinnah anapita kwa atsibweni ake, nagwada monga mwa mwambo, n'kupempha kuti atsikana azisewerako pabwalo losalala lija masiku amene amuna sakuligwiritsa ntchito.

"Patsepatse n'kulanda," anayankha a Damiano, "mwana wa mfulu apatsa yekha."

Mwana wa mfuluyo sanapatse. Bwalo linapitiriza kudyetsa mbuzi, zazikazi zomwe, poti sing'anga za mbuzi sananenepo kanthu.

Kenaka kunabwera galimoto yochokera ku Katete. Munatuluka mayi Bridget a ku ofesi ya zamasewera, atanyamula nkhani yabwino kwa aliyense kupatula a Damiano. Bwalo la Kalumphe lipatsidwa dzina la Dinnah Phiri, Akambuku alandira majezi, mipira ndi maukonde atsopano, ndipo patsikulo adzasewera ndi timu ya ku Sinda.

"Ndipo mwini dzina ndiye azamenya mpira woyamba pa senta, a Tcheyamani," anatero mayiwo. "Tizajambula na mavidiyo. Palibe problem, si ndiye?"

"Palibe, mayi, palibe," anayankha a Damiano.

Majeziwo ankawafuna ndi mtima wonse. Mankhwala nawo anali atangowakwirira kumene, ndipo a ku Sinda sanali anthu okumana nawo chimanjamanja. Kuuza boma kuti mayi amene dzina lake lili pachikwangwani saloledwa kuponda bwalo lake, ngakhale iwo anaona kuti n'zochititsa manyazi. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma a Damiano ankadziona ochenjera kuposa akuluakuluwo. Anakumbukira kuti anaonapo pa kanema atsogoleri a mayiko akutsika ndege n'kuyenda pa nsalu yoyala pansi. Sing'anga anati phazi lisaponde bwalo. Za mphasa sananene.

Tsikulo litafika, mudzi wonse unali utagona pa dothi, chifukwa mphasa zonse zinali pabwalo. Anaziyala mondondozana kuchokera pa mzere mpaka pakati, zatsopano ndi zong'ambika zomwe, ina ikununkhabe mikodzo ya mwana. Mayi Bridget anasangalala kwambiri ndi luso la anthu akumudzi. A Damiano, atavala jekete la ku tchalitchi, analankhula nthawi yaitali za mmene anazindikirira mphatso ya mwanayu ali wamng'ono, ndi mmene anamulimbikitsira kuti apite kutali. Pamenepo pokha sananame, poti anamupititsadi kutali.

Dinnah anaimirira, chitenje m'chiuno, akutsimphina pang'ono. Anayang'ana mphasazo, n'kuyang'ana atsikana ake amene anali ataimikidwa kuseri kwa chingwe pamodzi ndi amayi awo. Mwana wobadwira ku Kalumphe sangafunse chimene mphasa zikuchita pabwalo la mpira. Zinamuwawa koopsa, kuposa tsiku la chikwanje lija, chifukwa nthawi ino ankamupitikitsa akumuombera m'manja.

"Atsibweni, ulemu wotere sindinauone ngakhale kunja," anatero.

"Ndi wanu, a Naphiri, ndi wanu," anayankha a Damiano akumutsogolera. "Muzingoyenda pakatikati. M'mphepete mwakemo muli zisonga."

Anafika pakati pa bwalo. Mpira watsopano unali pa mphasa yomaliza, ndipo Filimoni, goloboyi wa Akambuku, anaima pagolo la kum'mawa akumwetulira, wokonzeka kugwira kampira ka ulemu. Dinnah anawerama, navula nsapato zake, n'kuzipereka m'manja mwa atsibweni ake. Iwo anazilandira ndi manja awiri asanaganize.

Kenaka Dinnah anaukankha mpirawo pang'ono ndi chala cha kuphazi, n'kutsika pa mphasa.

Khamu la amuna linabuula ngati ng'ombe yolasidwa. Dinnah anapita ndi mpirawo, phazi lili pa dothi, osafulumira, bondo likukana koma mwendo wamanzere ukukumbukira zonse. Filimoni ataona kuti mayiyo akulunjika pamene pagona kanyanga, anasiya golo n'kuthawira m'chimanga chouma. Dinnah anafika pakati pa golo, naima pomwepo ndi mapazi onse awiri, n'kuugogoda mpirawo mu ukonde ndi chidendene. Atatero anatembenuka n'kukodola ndi dzanja. Chingwe chija chinagwa. Atsikana analowa akuthamanga, amayi awo pambuyo ndi nthungululu, ena ana ali kumsana, ndipo panalibe kachigawo ka bwalolo kamene sikanapondedwe.

"Very nice, a Tcheyamani!" anafuula mayi Bridget akujambula. "Munakonza bwino maningi!"

A Damiano anatsala pakati pa bwalo, nsapato za mkazi zili m'manja.

Masewera a tsikulo ndi bwino kusawafotokoza. Akambuku analowa ataluza kale m'mitima, ndipo a ku Sinda anagoletsa mpaka kutopa. Madzulo osewera anawazungulira a Damiano n'kuwafunsa ngati bwalolo likadali ndi ntchito. Apa mpamene mvula inawapeza pakati pa mapanga aja. Akanati bwalo lili bwino, ndiye kuti maulendo onse a ku Vubwi, ndi nkhuku zonse zimene anthu ankasonkha, zinali zachabe.

"Lasukuluka," anatero ndi pakamwa pawo. "Mwamuna sangawinireponso."

Sabata yotsatira Akambuku, atavala majezi atsopano, anasamukira kuseri kwa shedi ya thonje, kumene anayamba kuphunzira kuzemba chulu.

Panatsala kanyanga kaja. Sing'anga ankafuna kuti kabwezedwe, ndipo palibe mnyamata analola kukakafukula. Choncho masana ena a Damiano anafika okha ndi kakhasu, napeza atsikana ali yakaliyakali pabwalo lonse. Anaima pa mzere. Anakweza phazi, n'kulibweza. Kwa zaka zonsezi anali ataphunzitsa mudzi kuti dothi lopondedwa ndi akazi limafoola mwamuna, ndipo tsoka lake, iwonso anali atazikhulupirira.

Dinnah anawaona. Anaimitsa masewera ndi wezulo, natuma atsikana awiri kunyumba. Anabwera ndi mphasa ziwiri, n'kuyala imodzi patsogolo pa mkuluyo.

"Dutsani, atsibweni," anatero Dinnah mwaulemu wonse. "Muzingoyenda pakatikati."

A Damiano anayang'ana uku ndi uku ngati pali mwamuna amene akuwaona. Kenaka anakwera pa mphasapo, ndipo atsikana aja ankanyamula yam'mbuyo n'kuiyala kutsogolo, mpaka anawafikitsa pagolo.